Chipolopolo Chokana Chikhadabo

Darla Skogen analowa m'khitchini mwanga Lachitatu m'mawa osagogoda n'komwe, yunifolomu yake ya polisi itachita makwinya ngati wagona nayo. Anakoka mpando n'kukhala, kenaka n'kuika kathumba ka pulasitiki pakati pa batala ndi kapu yanga.

"Anti Wilma, ndawalanda mfuti Adadi."

Ndinayamba ndamuthirira khofi. Ine ndimatero. Ndakhala zaka makumi asanu ndi awiri m'chigwa chino cha Montana, ndipo sindinaonepo nkhani yoipa imene inaipiraipira chifukwa choti munthu wayamba wamwa khofi. Moyo wanga ndi wofewa, sindibisa. Ndili ndi nkhuku zanga, kamunda ka mbatata, ndi mfuti yachikale imene anandisiyira malemu amuna anga, ya mtundu uja umadya onga wakuda n'kulavula utsi ngati moto wa zinyalala. Tilipo anthu ngati makumi awiri kuno openga nazo mfuti zimenezi. Zipolopolo timaumba tokha, ndipo Loweruka lililonse timasonkhana pa famu ya Merle Haugland, kuseri kwa chitunda, kukawombera njati yachitsulo yoimikidwa patali mayadi mazana asanu ndi atatu. Mphunzitsi wathu tonse ndi a Orval, bambo ake a Darla.

"Yamba bwino, mwanawe. Chachitika n'chiyani?"

"Nkhunzi ya a Merle yafa. Yakuda ija, amainyadira ija. Aipeza dzulo masana pamalo ponyambitira mchere, itawomberedwa." Anapumira m'mwamba. "Ndipo dzulo m'mawa Adadi anali okha kumalo owomberako. A Merle akuti anali kumpoto kukonza mpanda, anamva mfuti ya Adadi ikulira."

"Nanga mlanduwu wagwera iwe bwanji? Apolisi anzako atha?"

"Wina ali kumaliro, winayo mkazi wake wachira dzulo. Ndatsala ndine."

Amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma mwana ameneyu anali atanyamula kale chibonga. Ndinamuyang'ana m'maso n'kuona kuti walira m'galimoto asanalowe.

"Ndinawauza chaka chatha," anatero, "kuti tsiku limene adzalase chinthu chosayenera, mfuti ikupita, ndipo iwo ndikuwatengera kumzinda wa Billings, kunyumba yosungirako okalamba. Maso awo akutha, Anti. Lero ndi ng'ombe, mawa ndi mwana wa munthu. Malo ndawapezera kale. Akuti ndiwabweretse Lolemba."

A Orval anabadwira m'nyumba imene akukhalamoyo. Kuwachotsa m'menemo n'kukawaika pampando woyang'ana wailesi ya kanema, kuli bwino kungowakumbira manda. Ndinakwiya, koma osati ndi Darla, poti nayenso ankanena zoona zake.

"Umboni uli kuti?"

Analoza kathumba kaja. "Dokotala wa ziweto wachotsa chipolopolo ichi m'nthiti mwa nkhunziyo. Taonani kumutuko."

Sindinafunike magalasi. Chikombole chimene a Orval amaumbira zipolopolo chinagwa pa simenti kalekale, ndipo chipolopolo chilichonse chotuluka m'menemo chimakhala ndi kachiphuphu pambali pa mutu. Aliyense wa gulu lathu amakadziwa ngati siginecha. Kachiphuphu kanalipo.

Ndinatsegula kathumbako.

"Musachigwire, Anti, ndi umboni!"

"Chachoka m'mimba mwa ng'ombe, sichingaope dzanja langa."

Ndinachita chimene woumba zipolopolo aliyense amachita osaganiza, monga mmene mayi amatsinira phwetekere pamsika. Ndinadinikiza chikhadabo cha chala chachikulu patsinde pake. Chikhadabo chinaterereka. Ndinadinikizanso mwamphamvu, chinangothetheka m'mphepete, chipolopolo chili gwa, chopanda ndi kamzere komwe.

"Darla, chipolopolo ichi chakana chikhadabo changa."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti imwa khofiyo, tinyamuke."

* * *

Tinawapeza a Orval m'shedi mwawo, atakhala pampando wopanda chotsamira, mphika wosungunulira mtovu uli wozizira pambali pawo. Ndi munthu wamtali, woonda, wosawononga mawu. Pakhoma panali misomali iwiri yopanda kanthu pamene pamakhala mfuti.

"Mwabwera awiri kudzandimanga?"

"Takhalani chete, madala inu," ndinatero. "Sitinabwerere zimenezo. Ndipatseni chipolopolo chimodzi."

Anatambasula dzanja osayang'ana, n'kutola chimodzi m'bokosi. Ndinachidinikiza ndi chikhadabo chothetheka chomwe chija. Chinalowa ngati pa sopo. Ndinamuonetsa Darla ziwiri zija pachikhatho, china chili ndi mzere wonyezimira, china chilibe.

"Bambo ako amasakaniza magawo makumi atatu a mtovu ndi gawo limodzi la chitsulo cha tini. Anayamba iwe usanabadwe. Kwa iwo malamulo a Mose ndi khumi, la khumi ndi chimodzi ndi limenelo. Muuzeni chifukwa chake, a Orval."

"Amadziwa. Anakulira muno."

"Ndinkatseka makutu, Adadi. Nenani."

Anayamba akanda chibwano. "Onga wakuda sukankha, umamenya. Ukamenya chipolopolo chofewa kumbuyo, chimafufuma n'kudzaza mizere ya mumpope wa mfuti. Chimatuluka chikupota ngati nguli, chimapita kumene wachituma. Cholimba sichifufuma. Moto umachidutsa m'mbali, mizere sichiigwira, chimatuluka chikudzandira ngati chidakwa."

Darla anatulutsa kabuku kake n'kutembenuza masamba msangamsanga. "Dokotala anati bala lake linali lachilendo. Silinali lozungulira. Linali lalitali, ngati bowo la kiyi."

"Ndiye kuti chinalowa cham'mbali," ndinatero. "Chinali chikugubuduzika m'mlengalenga. Chipolopolo cha bambo ako sichinagubuduzikepo chibadwire."

Koma Darla ndi wapolisi weniweni, sanyengeka ndi zomwe mtima wake ukufuna. "Chikombole ndi chawo. Mwina tini anawathera, n'kusungunula china chake."

Pansi pa tebulo panali mulu wa timitanda ta mtovu. Ndinayamba kutola kamodzikamodzi n'kumaponya pa simenti. Phi. Phi. Phi. Mtovu wofewa umagwa ngati nthuli ya nyama, wolimba umalira ngati belu. Ndinaponya tonse makumi anayi mpaka msana unandikumbutsa zaka zanga, ndipo palibe kamene kanalira.

Darla anagwada pamaso pa bambo ake. "Adadi, ingonenani kuti si inu. Kuyambira dzulo simunakane."

A Orval anayang'ana manja awo. "Ndinawombera kasanu ndi katatu. Njati inalira kasanu. Zitatu zinazo sindikudziwa kumene zinapita."

"Mukumva, Anti? Ndiwathandize bwanji munthu wotere?"

"Usandifunse ine, ndakhala ndikufuna kuwamenya ndi chipande zaka makumi anayi. A Orval, chikombolechi anabwerekapo ndani?"

"Sindifunsa."

Apa ndiye panali vuto. Shedi ya a Orval ilibe loko. Zikombole zimapachikidwa pamisomali, ndipo wofuna amangolowa n'kutenga. Sapempha, satchula dzina, koma pobweza amasiya kanthu patebulo: botolo la uchi, paketi ya khofi, mazira. Ndi mmene bambo awo ankachitira, ndipo ife tonse tinazolowera. Ine ndemwe ndasiyapo mikate yosawerengeka.

"Chaka chino chachokapo kangati?"

"Kamodzi. Mwezi wa Epulo, masiku anayi. Anasiya nthiti za ng'ombe, zokulunga m'pepala loyera."

"Nthiti za ng'ombe!" Darla anamenya kabuku pantchafu. "Chigwa chonsechi ndi cha ng'ombe!"

"Zinali zokoma," anatero a Orval. Kenaka nkhope yawo inachita tsinya, koyamba tsiku limenelo. "Koma chikombole chinabwera chili ndi kadzimbiri. Chinanyowa. Munthuyo anali ndi ndowa ya madzi pafupi ndi mphika wa mtovu, ankaponyamo zipolopolo zili zamoto kuti zilimbe kwambiri. Wopusa wotheratu."

Ndinawerenga m'mutu anthu athu makumi awiri aja. Onse anaphunzira m'shedi imeneyi, ndipo palibe amene angachite zimenezo ngakhale ataledzera. Uyu anali munthu wachilendo pantchitoyi, wodziwa mwambo wa shedi koma wosadziwa mtovu, munthu amene sanafunse.

"Tiye, Darla. Mtovu wolimba chotere m'tauni muno umatuluka pakhomo limodzi lokha."

* * *

Hoyt Pickerel amakonza matayala moyang'anizana ndi positi ofesi. Ndi munthu wabwino, koma pakamwa pake palibe mabuleki. Anatuluka pansi pa thirakitala akupukuta manja, akulankhula kale tisanatsike n'kutsika komwe.

"Aaa, bwana wapolisi ndi mayi a utsi! Ndalakwanji? Ngati ndi za galu wa abusa, anayamba ndi iyeyo. Mwamva za nkhunzi ya a Merle? Iii, ndaiwala, pepani bwana, ndi bambo anu. Koma ine ndauza aliyense kuti a Orval sangatero. Tayala lanu lakumbuyoli latha, mayi, mudzafera panjira."

"Hoyt, puma. Ndowa yako ija ili kuti?"

"Ya timiyala? Iyo apo."

Pakona panali ndowa yodzaza theka ndi timiyala ta mtovu, tija amakhoma m'mphepete mwa mkombero kuti tayala lisamanjenjemere galimoto ikathamanga. Mtovu wake amausakaniza ndi chitsulo china cholimbitsa. Ndinatola kamodzi n'kumupatsa Darla. Anayesa yekha ndi chikhadabo, ndipo ndinaona nsidze zake zikukwera.

"Ikadzaza amatenga ndani?" anafunsa.

"Aliyense, bwana. Ine sindigulitsa. Kale ankatenga mkulu uja ankapanga tiasilikali ta ana, koma anamwalira, Mulungu awuse mzimu wake, ngakhale anali ndi mkamwa moipa. Mkazi wake anakwatiwanso ku Dakota ndi munthu wa mano oikirira..."

"Ya mwezi wa Epulo anatenga ndani?"

Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, Hoyt anatseka pakamwa. Anayang'ana thirakitala, n'kuyang'ana kumwamba.

"Anati ndisauze munthu. Ndipo sindinauze munthu, kupatula mkazi wanga. Ndi wometa tsitsi, koma uja ndi gonthi."

"Ndikufunsa ngati wapolisi, a Hoyt."

"Anati akufuna kupanga timiyala tomizira mbedza, ati akuyamba kuwedza nsomba. Ine ndinaseka mpaka misozi. Kuwedza! Munthu woti tili ana anagwa mumtsinje wofika m'mawondo n'kukuwa mpaka tauni yonse inatuluka. Mpaka lero mlatho amawoloka atatsinzina."

"Dzina, Hoyt," ndinatero.

"Ndi eni ake a nkhunziyo. A Merle Haugland."

Cholembera cha Darla chinaima pakati pa mzere.

* * *

"Sizikumveka," anatero Darla tili m'galimoto, fumbi likutitsata. "A Merle alibe mfuti ya onga wakuda. Amadana nazo."

Zinali zoona. Malo owomberako anatipatsa ndi malemu bambo ake, ndipo Merle ankangosunga mawu awo monyinyirika. Zaka makumi awiri wakhala akuima pampanda Loweruka, manja m'thumba, n'kumatitcha gulu la utsi. Ankati mfuti zathu ndi zoyenera kupachika m'nyumba yosungiramo zakale pamodzi ndi eni ake. Koma ine ndinali nditaona chinthu chimodzi: munthu wodana ndi chinthu saima maola atatu padzuwa kuchionerera.

Pakhonde tinapeza Joleen, mkazi wake, akusenda mbatata. Ndi mayi wamfupi, wachangu, amene amalankhula ngati akukalipira nkhuku ngakhale akupereka moni.

"Bola mwabwera, apolisi! Kuno akuba achuluka. Inu mukufufuza za ng'ombe, nanga chiwaya changa afufuze ndani?"

"Chiwaya chanji, mayi?"

"Chophikira timakeke, cha mabowo khumi ndi awiri, chimene anandisiyira mayi anga. Chinasowa mwezi wa Epulo. Ndafunsa kutchalitchi, ndafunsa apongozi, aliyense akuti sakudziwa. Chiwaya chili ndi miyendo?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Palibe mkazi wa woumba zipolopolo amene sanataye chiwaya chotero. Mabowo ake ndi abwino kuthiramo mtovu wosungunuka kuti uume timibulu. Changa malemu amuna anga anaba tisanathe chaka m'banja.

"Bambo ali bwanji masiku ano, Joleen?" ndinafunsa ngati ndikungocheza.

"Musandifunse, a Wilma. Ndikuganiza kuti akudwala m'mimba koma akubisa. Lachiwiri lililonse amalawira, ati kukaona mpanda. Pobwera malaya onse akununkha mazira ovunda! Ndawauza kuti apite kuchipatala, akungondiyang'ana."

Darla anandiyang'ana. Anakulira m'fungo limenelo. Utsi wa onga wakuda ukakulowa m'malaya, ngakhale galu wako amakukana.

"Dzulo anabwera nthawi yanji?" anafunsa.

"Isanakwane naini koloko. Nkhope ili mbuu, chakudya osachikhudza. Anakhala m'galimoto ola lathunthu injini itazima. Masana ndiye anapita kukaipeza nkhunziyo, n'kubwera akukuwa dzina la bambo ako." Anaika mpeni pansi. "Bwanji mukuyang'anana choncho?"

"Ali kuti pano?"

"M'nyumba ya udzu wa ng'ombe. Masiku ano amakhoma ndi loko, ngati muli golide."

* * *

Merle Haugland ndi chimunthu chachikulu, cha mawu ngati bingu, chozolowera kuti chikalankhula ng'ombe ndi anthu omwe amapatuka. Anatikumana pakhomo, n'kuima motsekereza.

"Ndanena kale zonse, Darla. Pepa kuti ndi bambo ako, koma nkhunzi yanga yafa. Munthu akakalamba azivomereza."

"Munati munali kumpoto mpaka masana. Mayi akuti munabwera isanakwane naini."

"Joleen sadziwa kuwerenga wotchi."

"Nanga nsomba zikudya, Merle?" ndinalowererapo.

"Nsomba zanji?"

Ndinali nditaona kale chimene ndinkafuna. Chitseko chinali chotsekulidwa theka, ndipo chimene anachiimika nacho kuti mphepo isachitseke chinali kam'bulu kotuwa, kooneka ngati keke. Ndinawerama, mawondo akudandaula, n'kukatola. Ndinakakweza kufika pachifuwa n'kukasiya pa simenti.

Ngweee!

Kanalira mpaka nkhunda za padenga zinauluka. Merle anafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu.

"Ndi za mbedza zimenezo."

"Nsomba yake ndi yaikulu bwanji, yofuna mwala ngati keke ya Joleen?"

"Mulibe chilolezo chofufuza m'nyumba mwanga!"

"N'zoona," anatero Darla, mawu ali ozizira. "Ndikhoza kukachitenga. Ndibwera nacho mawa."

Ndinaona kuti tikapita njira imeneyo, pofika mawa mfuti idzakhala ili pansi pa chitsime. Komanso Merle ndinamudziwa ali mwana wa makabudula. Ndi wodzikuza, inde, koma si mfiti. Ndinamugwira Darla pamkono kuti adikire.

"Merle, ukudziwa chimene chichitike Lolemba?"

"Lolemba kuli chiyani?"

"Mwana uyu akuwatengera bambo ake ku Billings, kunyumba ya okalamba. Mfuti igulitsidwa, shedi itsekedwa. Chifukwa cha mawu ako. Sadzabwereranso m'chigwa chino kufikira tsiku lodzawaika."

Merle anayang'ana Darla ngati akufuna kuti akane.

"Ndi zoona?"

"Malo alipo kale," anatero Darla.

"Ine ndimayesa... ndimayesa mungowadzudzula basi. Munthu wamkulu ngati uja, ndani angamuchite kanthu?" Anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati ngati muli yankho. Kenaka anatembenuka n'kulowa. Tinamva akusuntha mitolo ya udzu, ndipo anatuluka atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'bulangete la hatchi.

Kalanga ine, inali mfuti yokongola! Yatsopano, thabwa lake lonyezimira, ya mtundu womwewo wa a Orval. Ndinaitsegula kumbuyo n'kuloza mpope kudzuwa. M'kati munali mbee, mizere yonse itamatidwa ndi mtovu umene moto unasenda pa zipolopolo zolimba zija. Ndinalowetsa kansalu ndi ndodo yake, kanatuluka ndi tizinyenyeswa tonyezimira ngati mamba a nsomba. Ndinamva chisoni ndi mfutiyo kuposa mwini wake.

"Yankhula, Merle."

Anakhala pamtolo wa udzu, bingu lonse litathera. "Ndinkafuna ndidzangotulukira pa mpikisano wa mwezi wa Juni. Kamodzi kokha, ndiwagonjetse a Orval pamaso pa anthu. Zaka makumi awiri ndakhala ndikukusekani, ndikanayamba bwanji kufunsa? Ndinabwereka chikombole iwo ali kutchalitchi. Ndinaganiza kuti chipolopolo chikalimba ndiye kuti ndi chabwino, nanga si zipolopolo za mfuti zamakono ndi zolimba? Ndinkaloza mgolo pa mayadi mazana atatu. Pa zipolopolo khumi, ziwiri zokha ndi zimene zinkaugunda, nazonso cham'mbali. Ndinkati ndi dzanja langa."

"Dzulo?" anatero Darla, akulemba.

"Nkhunzi inabwera kumchere. Inali kutali ndi mgolo, mapazi khumi kumbali. Ndinawombera, utsi utachoka ndinaiona ikugwada. Nthawi yomweyo ndinamva mfuti ya bambo ako kuseri kwa chitunda. Ndinadziuza kuti ndi iwo. Mfuti singaphonye ndi mapazi khumi."

"Mfuti ayi," ndinatero. "Chipolopolo chako. Safunsa anadya phula, Merle. Ukanalowa m'shedi muja n'kupereka moni, akanakuuza zonsezi khofi asanazizire."

"Dokotala atakuonetsani kachiphuphu kaja, munadziwa kuti chinatuluka m'chikombole chimene munabwereka," anatero Darla. "Munangokhala chete."

"Ndinakhala chete."

Darla anatseka kabuku. Ndinaopa kuti amuwomba mbama, koma anangoti, "Mawa m'mawa mubwere ku ofesi mudzalembe umboni wina, woona. Za bodza lanu tikaona kumeneko. Koma lero lomwe lino mupita nokha kwa Adadi."

Potuluka tinakumana ndi Joleen, manja m'chiuno. Anali ataona kam'bulu kaja pansi. Anakatola, n'kukatembenuza, n'kuyang'ana mwamuna wake. Ife tinafulumira kukwera galimoto, poti milandu ina si ya apolisi.

* * *

Dzuwa litapendeka tinakumana kumalo owomberako. Kunali kamphepo kabwino, udzu ukuweyula mpaka kuchitunda, ndipo ine mtima unali m'malo ngati ndadya phwando. Merle anali atabwera ndi a Orval pagalimoto yake. Sindikudziwa zimene analankhulana m'njira. Ndinangomva mawu omaliza potsika.

"Mtovu wakowo kawedzere nsomba," anatero a Orval. "Loweruka ubwere ndi mfutiyo, tidzaitsuke. Ubwere ndi nthiti zina."

Merle anagwedeza mutu n'kupita, chipewa chili m'manja.

Darla anatulutsa mfuti m'galimoto ya polisi, n'kuinyamula ndi manja awiri. "Adadi, pepani. Ndinakuweruzani msanga. Nayi."

A Orval sanailandire. Anaima manja ali pambali, akuyang'ana kuchitunda.

"Usandibwezere chifukwa choti Merle ananama. Pali chimene sunandifunse."

"Chiyani?"

"Njati ija sindiiona, Darla. Chaka chachiwiri tsopano. Ndimaona chitunda, ndi kamdima pansi pake. Ndimaloza pamene ndikukumbukira, n'kudikira kumva ngati yalira. N'chifukwa chake sindinakane. Usiku wonse ndimati ndine. Ikanakhala kuti nkhunziyo inabwera mbali ino, sindikanaiona."

Ndinafuna kuwatseka pakamwa ndi chipewa changa. Tsiku lonse ndathamanga, chikhadabo ndathyola, msana ndapweteka, kuti madala awa adzipereke okha pomaliza! Koma ndinawalemekezanso mpaka m'maso munandiyabwa. Apa sinalinso nkhani yanga.

Darla anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka n'kuyenda kulowera kumagalimoto, mfuti ili m'manja. A Orval anatsitsa mapewa.

"Wachita bwino," anandiuza chapansipansi. "Ndinamulera bwino."

Koma Darla anadutsa galimoto ya polisi. Anatsegula yanga, imene ndinali nditabwera nayo, n'kutulutsa galasi langa loonera patali ndi miyendo yake itatu. Anabwera nalo n'kuliimika pafupi ndi mphasa yowomberapo, n'kuika mfuti pamphasapo.

"Mverani, Adadi, ndipo ndikunena ngati wapolisi. Simudzawomberanso muli nokha, ngakhale kamodzi. Mfuti izigona kwanga. Lachiwiri ndimapuma, ndizibwera nayo. Loweruka akuonerani Anti Wilma. Ine ndikati imani, muziima."

"Nanga ku Billings?"

"Ku Billings adikire. Gonani pansi, dzuwa likupita."

Anagona chafufumimba pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wa zaka zawo, n'kukhazika mpope pamitengo iwiri yopingasa. Anatulutsa chipolopolo m'thumba la malaya, ndipo ndinaona chala chawo chachikulu chikuchisisita chisanalowe. Darla anaika diso pagalasi n'kuyang'ana chitunda chonse, uku ndi uku, kawiri.

"Kulibe ng'ombe, kulibe munthu. Mphepo ikuchokera kumanja, yochepa. Womberani."

Mfuti inagunda, utsi woyera unangoti tolo n'kutikuta tonse atatu. Tinadikira, makutu ali tcheru. Kunalibe kulira kulikonse.

"Mwaphonya, Adadi," anatero Darla, diso lili pagalasi. "Fumbi ladzuka kumanzere, mikono iwiri, pansi pa mchira."

A Orval anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene ndinali ndisanakumve chimwalirireni mkazi wawo.

"Zaka ziwiri popanda wondiuza kumene zikupita," anatero, akutsegula mfuti. "Mikono iwiri, eti? Usachotse diso pamenepo, mwanawe."